Mthunzi pa Sikirini za Lufeyo

Senderani kuno kumoto, achimwene, mvula iyi sikata msanga. Tchipisi chanu chipsa, musachiyang'anitsitse choncho ngati chithawa m'chiwaya. Tatembenukani ndione tisheti mwavalayo. Eya, ndinadziwa! Ntchito ya Lufeyo Makwinja imeneyi, uja amadinda zovala kuseri kwa golosale uko. Ndi ya chaka chino, yoyera bwino. Mukanavala ya chaka chimene mkazi wake anamwalira, anthu a pa Luchenza pano akanakupatukirani panjira. Mukuseka? Khalani pabenchipo ndikuuzeni, poti ine ndinaziona ndi maso angawa, si zomva kwa anthu ayi.

Poyamba mudziwe mmene ntchito yake imayendera, apo ayi muziti Dayisoni wa tchipisi walawa kachasu. Lufeyo amakhoma timatabwa, n'kukungapo nsalu ya timabowo ting'onoting'ono ngati sefa ya ufa. Imeneyo amati sikirini. Amaipaka phala lina lobiriwira, n'kuiumika m'kachipinda ka mdima, kopanda ndi zenera lomwe. Ikauma amaikapo pepala la mawu akuda, limene walipaka mafuta kuti kuwala kuzidutsa, ndipo mafutawo amadzapempha kwa ine pano mpaka lero. Pamwamba amasanjikapo galasi, kenako panja, padzuwa.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Iwe Lufe, dzuwalo limalemba bwanji?"

Iye anati m'phalamo muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tongogona pansalupo, kalikonse pakokha. Kuwala kukatigunda timapindika, timasintha mmene tinalili, n'kukolana tokhatokha mpaka kuuma gwa. Koma timene tabisala pansi pa mawu akuda aja sitisintha, ndiye ukathira madzi timakokoloka, mawu n'kutsala poyera kuti penti izidutsa.

"Chilichonse chimene chatchinga dzuwa chimatsala pansalupo," anatero. "Ntchentche itatera pagalasi, ukaipeza pamalaya a anthu. Koma ukachedwa kuchotsa, basi, zonse zimauma, ngakhale pamene panali mthunzi. Sipatulukanso kanthu."

Wodziwa nthawi yochotsera anali mkazi wake, Etinala. Wotchi analibe nayo ntchito mayi ameneuja. Ankayala chiguduli pambali, n'kugwada, n'kupanikiza galasi ndi zala m'mphepete mwenimweni. Akatero ankayamba nyimbo ina ya kutchalitchi kwawo, chapansipansi, pakamwa pali potseka. Ndime ikatha, Lufeyo ankanyamula sikirini n'kuthamangira nayo kumadzi. Kukachita mitambo nyimboyo ankaikoka, dzuwa likakhala la mu Okutobala ankaithamangitsa. Sankaphonya ndi kamodzi komwe.

Ndiye dzinja lina Etinala anadwala mutu ndi kutentha thupi. Sabata sinathe, tinakamuika kwawo, kutsidya kwa mtsinje wa Thuchila. Anasiya mwana mmodzi, Sigele, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu.

Mukudziwa kwathu kuno, mwana ndi wa kuchikazi. Mwinimbumba anali mlongo wake wa malemuyo, a Khoromana, bambo wa njinga yakuda ndi chipewa cha mlaza. Iwowa anamuchitira chifundo Lufeyo. Anati, "Alamu, mwanayu akhale nanu poti sukulu ili pafupi. Koma tikamva zosayenera, tidzamutenga." Lufeyo analonjeza atagwada. Ndipo tsoka silinamusiye, chifukwa pobwerera kumaliroko wina anamusolola foni m'minibasi. Zithunzi zonse za mkazi wake zinali momwemo.

Miyezi yoyambayo ntchito inamukana. Yekha nthawi sankaidziwa. Mwina achotse msanga, phala lonse n'kupita ndi madzi. Mwina aiwale, ali duu kuyang'ana pamene mkazi wake ankagwada, sikirini n'kupsa. Ndinkamumvera chisoni kwabasi. Munthu anaonda mpaka kolala ya shati kumalendewera. Koma mwana ankamusamala, eee, zimenezo ndiye musanene. Anaphunzira ndi kuluka tsitsi komwe, ngakhale mizere yake inkapita uku ndi uku ngati ya mlimi woledzera.

Mvula italeka, zinthu zinangosintha. Sikirini zinayamba kutuluka bwino, mawu akuthwa ngati kale. Ine ndinakondwa, ndinati mnzanga wazolowera.

Woyamba kudziwa anali galu wa pagolosale. Galu ameneuja ankakonda kugona pabwalo la Lufeyo, pamene amayanika sikirini. Anangoleka. Akafika pamenepo ankalambalala, mchira pakati pa miyendo, akuyang'ana cham'mbali. Kenako chiguduli chija. Lufeyo anali atachipinda n'kuchiika pamwamba pa khoma kuti asamachione. Ine ndikapita kukasiya mafuta ndinkachipeza choyala pansi, pambali pa sikirini. Ndinati kaya ndi mphepo. Koma mphepo yake iti yoyala chiguduli bwinobwino, ngodya zonse zili myaa?

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinapita ndi kabotolo kanga ka mafuta. Ndisanakhote pangodya ya golosale ndinamva nyimbo. Chapansipansi, pakamwa potseka. Ndinati ndi wailesi ya munthu, kenako ndinakumbukira kuti magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Nditasuzumira ndinaona Lufeyo ataima yekhayekha, maso ali chitsinzinire. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, koma galasi lija mbali imodzi silinkanyezimira. Nyimbo italeka, iye anawerama, n'kunyamula sikirini, n'kulowera kumadzi.

Achimwene, sindinapitirire. Mafutawo ndinabwerera nawo, ndipo madzulo ake ndinapsereza tchipisi chiwaya chonse.

Sindinauze munthu. Koma patapita masiku, basi ya ku Muloza inaima apa, n'kutsika mayi wina wachilendo ndi dengu lake. Anazungulira kuseri kwa golosale kukafuna madzi osamba m'manja, n'kubwera kudzagula tchipisi. Ndikumuthirira mchere anati, "Bambo, amuna a kuno mulibe chisoni. Mayi aja agwada padzuwa kuseriko, bwanji osawagwirira ndi ambulera yomwe?"

Ine ndinati, "Mayi ake ati?"

"Aja akuthandiza bambo wodinda malaya."

Iye anabwerera pang'ono, n'kusuzumiranso kuseriko. Anaima nthawi ndithu. Pobwera sanandiyang'ane kumaso. Anasenza dengu lake n'kukadikira basi ina kutsidya kwa msewu, tchipisi n'kuchisiya pompano chikutentha.

Kenako zinayamba kuoneka pazovala. Anyamata a timu ya mpira ya ku esiteti ya tiyi anadinditsa majezi, ndipo pansi pa nambala iliyonse panali timadontho totalika, tondondozana. Lufeyo anati ndi litsiro la pagalasi. Anyamata sanasamale, anakamenya mpira wawo. Koma atadinda matisheti a amayi a kwaya, ha! Pansi pa dzina la kwaya panatuluka dzanja lathunthu, lotambasula, kachala kakang'ono kali kopindika. Etinala kachala kameneko anakathyola ndi chitseko ali mwana, ndipo amayi aja anaimba naye zaka zambiri. Mmodzi atangofunyulula tisheti yake anakuwa, n'kuiponya pansi.

Ndinapita kukamukalipira. Ndinati, "Iwe Lufe, mutu wako ukugwira? Sikirini ikakhala ndi chilema si paja umamata ndi tepi? Bwanji sunamate?"

Anandiyang'ana, maso ali ndi misozi, n'kuti, "A Dayisoni, ndimate dzanja la amake Sigele?"

Ndinangokhala pansi pambali pake.

Nkhani inayenda msanga kuposa basi. Pamjigo, kuchigayo, pamsika, paliponse ankanong'ona chimodzi: Lufeyo anapha mkazi wake m'matsenga, n'kumusandutsa ndondocha kuti azimugwirira ntchito. Ankati, taonani mmene ntchito yake yakomera chimwalirire mkaziyo. Ankati, nanga kachipinda kopanda zenera kaja n'kachiyani, amasungamo ndani? Ana anzake analeka kusewera ndi Sigele. Ine ndinkapsa mtima, ndinkati kachipindako ndi koumikira sikirini, kanalipo Etinala ali moyo. Koma ukamayankha anthu otero amangoti nawenso uli momwemo.

Tsiku lina Lufeyo anandiitana, n'kundilowetsa m'kachipinda komweko, n'kuyatsa tochi. Pakhoma anali atatsamiritsa masikirini angapo opanda mawu alionse. Pa ina panali phewa. Pa ina mphepete mwa duku, ndi mfundo yake kumbuyo. Pa ina khutu ndi kachidutswa ka khosi.

"Ndimayanika zopanda kanthu, n'kumawapempha amake Sigele kuti abwere," anatero. "Sigele anandifunsa kuti amayi ake ankaoneka bwanji. Akuti akatsinzina akumaona chitenje chokha, nkhope yasowa. Inenso, a Dayisoni, yayamba kundithawa. Ndikungofuna nkhope, kamodzi kokha, ndimudindire mwana pansalu. Koma akumafika pafupi, n'kubwerera."

Ndinati, "Mnzanga, zisiye izi. Akuchikazi akamva akulanda mwana."

Anangoti, "Kamodzi kokha."

Akuchikazi anali atamva kale. Loweruka lina m'mawa ndinaona njinga yakuda ikukhota pagolosale. A Khoromana. Ndinaphula chiwaya n'kuwatsatira. Anakana mpando, anakana ndi madzi omwe. Anatulutsa tisheti ya kwaya ija m'thumba, n'kuitambasula pamaso pa Lufeyo. Musaganize kuti anali munthu woipa ayi. Mlongo wawoyo anamulera okha makolo atamwalira, ndipo maso awo tsiku limenelo anali ofiira ngati munthu amene sanagone.

"Alamu," anatero, "kumudzi sitikugona ndi nkhani imeneyi. Akuti mlongo wanga sanapume, mukumugwiritsa ntchito kuno. Ine sindifuna za m'maluwa, ndabwera ndione ndekha. Muyanike chinthu chanucho pamaso panga, chopanda mawu, chopanda kanthu. Mukachitsuka, pakatuluka ngakhale chikhadabo cha mlongo wanga, mwanayu ndikupita naye lero, ndipo kwathu musadzapondeko. Pakapanda kutuluka kanthu, ndikatseka pakamwa anthu, mwana n'kukhala."

Anauza Sigele kuti alongedze zovala zake m'chikwama cha kusukulu. Mwana analongedza akulira, ndipo amalume akewo anachimangirira pakaliyala ya njinga ndi mphira.

Ine ndinamukokera Lufeyo pambali. Ndinati, "Uwauze kuti phala latha."

"Abweranso mawa," anayankha.

"Ndiye upite kumanda usiku uno ukawapemphe amake Sigele asabwere."

"Ndakhala ndikuwapempha miyezi yonseyi kuti abwere, a Dayisoni. Lero ndikawauze chiyani?"

Tinadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Lufeyo anatulutsa sikirini itafundidwa nsalu yakuda, n'kuiika pansi, n'kusanjika galasi. A Khoromana anaima chauko, manja kumbuyo. Sigele anakhala pakhonde atakumbatira maondo. Chiguduli chinali pakhoma pamene Lufeyo ankavundukula nsalu ija, ndinachiona ndi maso anga. Nditaphethira chinali pansi, choyala.

Panalibe mphepo. Nkhuku zimene zinkapalasa pafupi zinachoka imodziimodzi. Ngakhale phokoso la pamsewu linakhala ngati lapita kutali.

Ndiye nyimbo inayamba.

Sinali yokweza. Ukanati ndi njuchi m'botolo ukanapanda kuidziwa. Koma tonse tinkaidziwa. Ndinaona a Khoromana akuvula chipewa pang'onopang'ono, n'kuchigwira pachifuwa. Sigele anadzutsa mutu.

Galasi linayamba kuzima m'mphepete, pamene linkazima masiku onse. Koma ulendo uno kuzimako sikunaime pamenepo. Kunayenda, kunayenda, mpaka pakati penipeni. Sindikuuzani kuti ndinaona nkhope, ndinganame. Chimene ndinaona n'chakuti pakati pagalasi panada mozungulira, ngati munthu wawerama kwambiri, mutu atautembenuza cham'mbali kuti mphuno ndi milomo zioneke. Ndipo pansi pake galasi linachita kankhungu, kamene kamabwera munthu akalipumira, dzuwa likutentha choncho.

Lufeyo anatulutsa kamawu kamene sindidzakaiwala. Chimene anapempha miyezi yonse ija chinali pamenepo, patsogolo pa mapazi ake. Akufa sadziwa milandu yathu ya kuno, achimwene. Mayi uja anangomva kuti mwamuna wake akufuna nkhope, ndiye anaibweretsa, osadziwa kuti waibweretsa tsiku lolakwika.

Ndime inatha. Kunangoti zii.

Imeneyo inali nthawi yonyamula. Manja a Lufeyo anapita okha, poti anazolowera. Anafika mpaka pathabwa. Ndiye anayang'ana panjinga, pachikwama chija chomangidwa ndi mphira. Anabweza manja, n'kuwapinda kumbuyo, limodzi litagwira linzake zolimba mpaka mitsempha kutuluka.

Mthunzi uja sunachoke. Unadikira. Kenako nyimbo inabwereza kamzere komaliza, kamodzi, ngati munthu akukukumbutsa mwaulemu kuti nthawi yakwana.

Lufeyo anagwada pafumbi. Analankhula motsitsa, koma ndinali pafupi, ndinamva.

"Amake Sigele, ndaona. Zikomo, ndaona. Koma ndikanyamula andilanda mwana. Pitani mukapume, ntchitoyi ndiziikwanitsa ndekha. Mwana wanu ndimulera."

Kaya tinaima nthawi yaitali bwanji, ine thukuta linali chuchuchu. Kankhungu kaja kanayamba kuuma. Kuda kuja kunabwerera cham'mphepete, pang'onopang'ono, ngati munthu wodzuka maondo akumuwawa. Kenako galasi lonse linang'anima mpaka kutithobwa m'maso. Lufeyo sanasunthe. Anasiya dzuwa liwombe pamene panali nkhope paja, liwombe, liwombe, iye akuyang'ana, misozi ikugwera pafumbi. Ine ndinayang'ana kumbali, sindikanatha.

Pamapeto pake ananyamula sikirini, n'kupita nayo pamgolo wa madzi. Anathira, anathiranso, n'kupukuta ndi dzanja. Anaikweza kumwamba kuti a Khoromana aone. Inali yobiriwira yonse, youma gwa, yopanda ndi kabowo komwe.

A Khoromana anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaigwira ndi zala pakati paja, pamene panali pakuda, n'kusisita pang'ono.

"Sindinaone kanthu," anatero. Anabwerezanso mokweza ngati akuuza anthu a kumudzi kwawo. "Ine sindinaone kanthu, alamu."

Anapita kuseri kwa nyumba, ati kukataya madzi, koma tonse tinawamva akulira.

Chichokereni tsiku limenelo nyimbo ija sinamvekenso. Lufeyo anagula kawotchi ka pamkono, ndiko amayendera mpaka lero.

Koma chimene chimandipweteka ine n'chimene chinachitika a Khoromana ali kuseri kuja. Sigele anatsika pakhonde, n'kudzaima pambali pa bambo ake. Anayang'ana sikirini yobiriwira ija, n'kuyang'ana bambo akewo, n'kufunsa ndi kamawu kake kaja.

"Ababa, bwanji simunanyamule? Amayi anali atamaliza kuimba."

Lufeyo anapukuta kumaso ndi mkono wa shati.

"Ndinachedwa, mwanangu," anatero.

Ndiye anapita panjinga paja, n'kuyamba kumasula chikwama cha mwana wake.